Khomo Laling'ono la Nantchengwa

Padangotero, ndipo amene tili tonse avomere. Kale mbalame zikadali ndi mafumu awo, nduna zawo ndi milandu yawo, panali mmisiri womanga nyumba dzina lake Nantchengwa. M'dziko lonse la mfumu Nang'omba munalibe wina wodziwa kuzika mzati ndi kuyala phaso ngati iyeyu. Koma mmisiriyu analibe nyumba. Anakwatira Nachanza, mwana wa Nkhwali, ndipo monga mkamwini anayenera kumanga pamudzi pa apongozi akewo. Zaka ziwiri zinatha iye ndi mkazi wake akugona m'khitchini mwa Nkhwali, pakati pa mtondo ndi nkhuni, katundu wake ataunjikidwa pakona.

Musaganize kuti unali ulesi. Amene anamusokonezera zonse anali Mfumukazi Dokowe. Mayiyu sanali wakuno. Anachokera kudziko lozizira kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo anali mlongo wake wa mfumu yaikulu ya kumeneko. Akwawo anamukwatitsa kwa Nang'omba kuti maufumu awiriwo akhale pa ubale, osamufunsa n'komwe. Nang'omba anali mfumu yofatsa, yosadziwa kukana. Chilichonse chimene wina anganene, iye ankangoyankha kukhosi kuti hm, hm, ndipo nduna zinkamasulira zokha ngati wavomera kapena ayi. Dokowe atafika anayang'ana uku ndi uku, osaona chofanana ndi kwawo. Analira masiku atatu. Tsiku lachinayi anapukuta misozi n'kufunsa ngati m'dzikomo muli wodziwa kumanga, ndipo eni dziko, poti pakamwa pawo palibe chitseko, analoza Nantchengwa.

Nyumba yachifumu yoyamba ndi imene inadya zaka ziwiri zija. Inali ya zipinda makumi anayi, okhalamo awiri okha, mmodzi wongoti hm. Agogomole ankasema mitengo, anamzeze ankamata, atchete ankaluka ndi kufolera, onsewo pa thangata, Nantchengwa akuwayang'anira. Antchitowa anali ndi nyimbo yawo yokokera mitengo. Wotsogolera ankafunsa kuti denga lokongolali n'la yani, enawo n'kuvomera kuti n'la eni ake. Kenako ankafunsa kumene mmisiri amagona, ndipo yankho linali lakuti kuseri kwa mtondo wa apongozi. Mfumukazi ankaikonda nyimboyo chifukwa cha kamvekedwe kake, ndipo sanafunsepo chimene imanena. Nantchengwa ankaimva tsiku ndi tsiku, ndipo inkamuwawa chifukwa inali yoona.

Tsiku limene udzu womaliza unakwera padenga, Nachanza anauza mwamuna wake kuti mazira ali pafupi, ndipo iye saikira m'phulusa. Nkhwali naye anali ndi mawu. Mwa mwambo sakanalankhula ndi mkamwini maso ndi maso, choncho anatenga musi n'kuyamba kuuza mtondo wake, mokweza kuti mudzi wonse umve. Anauuza kuti iye anabereka mwana, osati galu wogona pamafuwa. Anauuza kuti mvula yoyamba ikagwa mwanayo alibe nyumba, katundu wa munthu wina atulutsidwa panja pamaso pa ankhoswe, ndipo mwini wake aona msana wa njira. Kunali kutatsala miyezi itatu kuti mvula igwe.

M'mawa mwake Nantchengwa anakagwada kwa Mfumukazi n'kupempha mwezi umodzi wokha kuti akamange kwawo. Mfumukazi anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu mwachifundo.

"Upita, mmisiri, upita ndithu," anatero. "Koma uyambe wandimangira ina ya nyengo yotentha. Kwathu munthu sakhala nyumba imodzi chaka chonse."

Nantchengwa anayang'ana kwa Nang'omba. Nang'omba anati hm, hm.

Anatuluka mtima uli phuthuphuthu ndi mkwiyo. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo asanafike pachipata anali atapeza kale nzeru. Ngati Mfumukazi samasula mmisiri wabwino, ndiye kuti woipa amuthamangitsa. Choncho nyumba yachiwiriyo anaimanga moipa mwadala. Chipupa chowongoka panalibe ndi chimodzi chomwe. Zenera lina analiika m'mwamba, lina pansi pofika m'mawondo. Anauza anamzeze kuti m'dothi lomatira azisomekamo zigoba za nkhono, mapale ndi timiyala tonse totola kudzala. Anamzeze anamufunsa ngati mutu ukumupweteka. Iye anati azingomata.

Patatha masabata atatu Mfumukazi anabwera kudzaona. Anaizungulira akuyang'ana chipupa chilichonse, ndipo Nantchengwa anayamba kusonkhanitsa zida zake mwakachetechete. Kenako anaona misozi ikutsika pamlomo wautali uja. Mfumukazi anati nyumbayo yamukumbutsa chipinda cha mayi ake. Anati kwawo zipupa zowongoka amamangira asilikali ndi nkhokwe, koma anthu odziwa zinthu amakhala mokhotakhota momwemu, m'zigoba ndi m'timiyala. Anamuveka mmisiri nsalu yofiira paphewa. Atatero anati nyumba yotere singakhale yopanda munda.

Antchito anawonjezera ndime panyimbo yawo, yofunsa ngati nsalu yofiira amafolerera nyumba.

Munda wakewo musaganize kuti unali wa chimanga. Munalibe phesi, munalibe dzungu, ngakhale therere lomera lokha ankalizula. Munali maluwa osadyedwa ndi tinjira tozungulirazungulira tobwerera pomwe tayambira. Pakati pake Mfumukazi anafuna kanyumba kopumuliramo. Nantchengwa anati ulendo uno saphonya. Kukhota kwakondedwa, koma kugwa palibe angakukonde. Mizati anaizika pamwambamwamba, phaso anangoliyala osamanga ndi luzi. Tsiku loonetsa anayembekeza mpaka Mfumukazi ndi nduna atayandikira, ndipo anatsamira mzati umodzi ngati munthu wotopa. Denga linatsika, chipupa chimodzi chinagwa chonse, china chinatsala theka. Fumbi linakwera, nduna zinatsokomola, ndipo Nantchengwa anagwada kudikira chilango chake ndi mtima wokondwa.

"Bwinja!" anatero Mfumukazi akuomba mapiko. "Mmisiri, wadziwa bwanji? Kwathu olemera amamangitsa mabwinja atsopano m'minda mwawo, kuti akatha kudya azikakhala pamenepo n'kumamvako kachisoni. Undimangire ena asanu ndi limodzi."

Inu, mudamva kuti zoti munthu n'kutuluka thukuta kumanga bwinja? Bwinja limabwera lokha, ndipo likabwera anthu salivinira. Koma Nang'omba anati hm, hm, ndipo mmisiri wotchuka uja, amene denga lake linali lisanadonthepo, anatha masabata awiri akuphunzitsa antchito kugwetsa chipupa mokongola.

Tsoka silinathere pomwepo. M'dziko la Nang'omba mwini nyumba akamwalira, nyumba yake ankaigwetsa. Apaulendo ataona madenga asanu ndi awiri ali pansi pabwalo la mfumu, anakanena m'midzi kuti kwa Nang'omba kwagwa maliro asanu ndi awiri. M'mawa mwake njira zonse zinadzaza opepesa, amayi akulira ndi malichero a ufa pamutu, abambo atasenza nkhuni. Nduna zinathawa ntchito yofotokoza n'kuisiyira womanga. Masiku atatu Nantchengwa anaima pachipata kuuza gulu lililonse kuti palibe wafa, nyumbazo azigwetsa kuti zikongole. Ena anamuyesa wamisala, ena anati akubisa maliro, ndipo onse anakana kubwerera asanadye. Mfumukazi anasuzumira pazenera lake la m'mawondo lija n'kunena kuti kulirako kukugwirizana bwino ndi mabwinjawo.

Panyimbo panabwera ndime ina, yonena kuti mmisiri ali ndi mabwinja asanu ndi awiri koma sanakhalepo ndi mudzi.

Opepesa atangochoka, Mfumukazi anati tsopano chatsala ndi chimodzi chokha, nyumba ya zisudzo. Anaifuna yaikulu, ya mipando yokwererana, ya zitseko ndi mizati yosemedwa mpaka kudenga. Ntchito yotere inali ya chaka, ndipo Nantchengwa anali ndi mwezi ndi theka. Anaganiza zongomunamiza. Anamanga denga ndi mipando, koma m'malo mwa zipupa anaimika mphasa. Pamphasazo anajambula ndi makala ndi dothi loyera zitseko, mizati ndi mazenera, moti uli patali unkaona ngati nyumba ya miyala. Kuseri kwake kunali timitengo tochirikiza basi. Mumtima anati Mfumukazi akapanda kuzindikira ndiye kuti ntchito yatha msanga, akazindikira ndiye kuti wachotsedwa. Konse kuwiri njira inali yopita kwa Nachanza.

Mfumukazi anafika, anayamikira, ndipo anapita kukatsekula chitseko chojambulidwa chija. Mlomo unabowola mphasa n'kutulukira kuseri. Anauzula, anazungulira, anaona timitengo tija. Ndiye anaseka, kuseka kwake koyamba chibwerere m'dzikomo, mpaka kukhala pansi. Anati umu ndi momwe nyumba za zisudzo zimakhalira kwawo, zonse zapamaso, kuseri kulibe kanthu. Pamaso pa nduna zonse analengeza kuti kuyambira tsikulo Nantchengwa ndi mmisiri wa pabwalo moyo wake wonse, ndipo asadzachoke pambali pake. Nduna zinaomba m'manja. Nantchengwa anathokoza, poti kunalibe kuchitira mwina, koma akanakhala ndi mano akanawakukuta.

Madzulo anabwerera kunyumba. Anangomuikira chakudya n'kukakhala potero, akuyenda molemedwa, ndipo kukhala chete kwakeko kunamupweteka kuposa mawu onse. Nkhwali anauza mtondo kuti mitambo yayamba kusonkhana, ndipo maudindo a kubwalo satchinga mvula. Kunatsala masabata awiri.

Sewero loyamba analipeka yekha Mfumukazi. Linali la mwana wa mfumu amene nduna yake ikumukonzera chiwembu. Njiwa anali mwana wa mfumu, ndipo Khwangwala, msilikali wa pachipata, anali nduna yoipayo. Mfumukazi anauza oonera kuti akhale chete mpaka kumapeto. Koma Khwangwala atangosolola mpeni, bwalo lonse linayamba kuchenjeza Njiwa kuti acheuke. Achibale a Njiwa anakwera pamalo ochitira seweropo n'kumukuntha Khwangwala. Atawabweza n'kuyambiranso, Njiwa anagwa monga anamuuzira, ndipo amayi anayamba maliro. Atadzuka kuti awerame, theka la oonera linathawa likuti mzukwa, ena anatulukira pazitseko zojambulidwa zija.

Mfumukazi anatsala yekha pampando, nthenga zitaima. Nantchengwa anali pafupi akusoka mphasa zong'ambika, ndipo anamumva akudandaula kuti anthu akuno sasiyanitsa sewero ndi zenizeni. Mmisiri anasiya kusoka. Anaganiza pang'ono, anayandikira n'kugwada.

"Amayi, vuto n'lakuti nkhani za ana a mafumu sazidziwa. Muwapatse zimene amadziwa. Komanso ilipo nyumba imodzi imene alongo anu, mfumu yaikulu ija, alibe, ngakhale ali ndi zonse."

Mfumukazi anatukula khosi. Nantchengwa anati akunena nyumba ya munthu wosauka, yeniyeni, yomangidwa m'mudzi weniweni, muli anthu enieni. Alendo a ulemu azikakhala panja n'kumaonera mmene osauka amakhalira. Anati sewero lake liliponso kale, la mkamwini wina womvetsa chisoni amene apongozi ake amuopseza kuti amuthamangitsa. Mudzi woyenera anaudziwa, wa mayi wina dzina lake Nkhwali, amene kukalipa sachita kuphunzitsidwa.

Maso a Mfumukazi anawala. Analamula kuti antchito onse apite kwa Nkhwali ndipo nyumbayo ithe m'masiku asanu. Nantchengwa akhale mkamwiniyo, mkazi wake akhale mkaziyo, Nkhwali akhale mpongozi, ndipo ankhoswe akhale ankhoswe awo enieni. Mtima wa mmisiri unavina. Anali atadzuka kale kuti azipita pamene Mfumukazi anawonjezera mawu.

"Mathero ake ndawaona kale. Sewero labwino limatha ndi misozi. Mpongozi alowe, atulutse katundu, amuponye pabwalo pamaso pa ankhoswe. Iwe umusenze, uziyenda pang'onopang'ono osacheuka."

Nantchengwa anagwadanso. Anayesa kufotokoza kuti kuno chochitika pamaso pa ankhoswe ndi mfumu chachitika basi. Katundu akakhudza dothi la pabwalo, ukwati watha, kaya n'sewero kaya si sewero. Mfumukazi anati akafika kumapeto kwa bwalo abwerere adzawerame ngati Njiwa. Nantchengwa anati wotulutsidwa katundu sabwerera. Mfumukazi anamuyang'ana motopa n'kufunsa ngati nayenso wayamba kudwala matenda a anthu akuno. Nang'omba anati hm, hm, ndipo nkhani inatha.

Uthenga utafika kumudzi, Nkhwali sanakalipe, chimene chinadabwitsa aliyense. Anauza mtondo mwachifatse kuti Mfumukazi ndi mayi wanzeru. Nyumba ya mkamwini siyenda naye, imatsala pamudzi. Choncho mwana wake apeza nyumba yomangidwa ndi antchito a mfumu, ndipo mkamwini wotandala kubwalo achoka mwa lamulo la mfumu yomweyo. Anayamba kuyeserera kanyamulidwe ka katundu ndi mtolo wa nkhuni.

Nachanza anapeza mwamuna wake atakhala kuseri kwa khitchini, mutu uli m'mapiko.

"Abambo, nzeru zanu zonse zija zatifikitsa apa?" anafunsa. "Ine nyumba yopanda inu sindikuifuna. Koma mazirawa sandifunsa."

Nantchengwa anadzutsa mutu. Anali wotopa ndi wamanyazi, ndipo anadzida chifukwa cha pakamwa pake. Kenako anafunsa mkazi wake kuti katundu wake yense, kuyambira bedi mpaka singano, angakwane mtolo waukulu bwanji. Nachanza anati waukulu ndithu, poti iye sataya kanthu. Nantchengwa anati amutulutse yense m'khitchinimo antchito asanafike.

M'mawa antchito anapeza mzati utazikidwa kale, wozama bwino ulendo uno. Mozungulira mzatiwo mmisiri anaunjika zake zonse: bedi, mipando, mphasa, nsalu yofiira ija, nkhwangwa, nsompho, chikwanje, chingwe choyezera, ndi zida zonse za ntchito yake. Anazikulunga pamodzi ndi luzi lonyowa, kuzungulira mzati kambirimbiri, mpaka zinasanduka mtolo umodzi. Nsonga za luzi lomwelo anazikweza m'mwamba n'kumangira phaso lonse la denga. Atatha anauza antchito kuti aimike zipupa mozungulira mtolowo. Pofika pakhomo anayeza ndi thupi lake, n'kusiya kabowo kongokwana mbalame imodzi yolowa chowerama. Atchete anafunsa ngati khomolo ndi lomweli. Iye anati osauka amaopa mphepo. Mfumukazi atabwera kudzayendera ntchito anapinda khosi, analephera kulowetsa ngakhale phewa, ndipo anati sanaonepo khomo lomvetsa chisoni chotere, lisasinthidwe.

Tsiku la sewero linafika kumwamba kutada, mabingu akumveka patali. Mudzi wonse unasonkhana, ndi midzi ina yomwe. Ankhoswe anakhala pamphasa kutsogolo, nkhope zili gwa, poti iwo sanabwerere masewera. Nang'omba ndi Mfumukazi anakhala pamipando. Antchito anayamba nyimbo yawo monga analamulidwa, koma wotsogolera atafunsa kuti dengali n'la yani, ovomera anayang'anizana, ena anati la eni ake, ena anangong'ung'udza. Nachanza analowa m'nyumba. Nkhwali anaima pamtondo n'kukalipa mwaluso, kutchula zolakwa zonse za zaka ziwiri popanda kudumpha ndi chimodzi chomwe, moti Mfumukazi ananong'oneza mwamuna wake kuti mayiyu akanatchuka kwawo. Atatha anapukuta m'manja n'kulowa kukatenga katundu.

Anthu anamva kubuula m'katimo. Denga linagwedezeka pang'ono. Nkhwali anatuluka chimanjamanja, anapuma, analowanso. Denga linagwedezekanso, udzu wina unagwa. Kachitatu anatuluka nthenga zitanyowa ndi thukuta, atagwira kachidutswa ka luzi. Anauza ankhoswe kuti katunduyo ndi wamkulu kuposa khomo, ndipo wagwirana ndi mzati. Ankhoswe anati luzi si katundu. Mfumukazi anati ndiye adule luzilo azitulutsa chimodzichimodzi. Nantchengwa anagwada n'kunena mwaulemu kuti luzi lomanga mtolo ndi lomwe lagwira denga, ndipo likadulidwa nyumba yonse ikhala pansi.

Mwina mukuganiza kuti Mfumukazi anagonja. Simunamudziwe. Anaimirira maso ali ngwee, n'kunena kuti amenewa ndiye mathero oposa amene anapeka: mkamwini akupita, nyumba itagwa, mkazi akulira pabwinja. Anauza Khwangwala kuti atenge mpeni wa m'sewero lija.

Nantchengwa ankadziwa kuti zifika apa, poti mabwinja asanu ndi awiri anamuphunzitsa. Sanachondererenso Mfumukazi. Anayenda mpaka pamtondo wa apongozi ake, anaugwadira, n'kuulankhula mokweza.

"Mtondo iwe, ndabwera kudzatsanzika. Luzi likaduka katundu wanga amasuka, ndimusenza, ndipita. Nyumba itsala pansi. Mmisiri wina womanga mvula isanagwe kuno kulibe. Uwauze eni ako kuti nyumba ndi ine tamangidwa luzi limodzi, asankhe okha."

Dontho loyamba linagwera pamusi. M'nyumba muja munamveka mawu a Nachanza, otsika, akuuza mayi ake kuti nthawi yakwana.

Nkhwali anayang'ana kumwamba, anayang'ana khitchini lake la phulusa, anayang'ana Khwangwala akubwera ndi mpeni. Ndiye anabwerera chambuyo n'kukhala pakhomo paja, thupi lake n'kutseka kabowo konse. Khwangwala anati asunthe, ndi lamulo. Nkhwali sanamuyang'ane n'komwe. Analankhula ndi Mfumukazi momveka.

"Amayi, mundikhululukire. Mabwinja ndi a anthu okhala ndi nyumba zambiri. Mwana wanga ali ndi imodzi yomweyi. Mkamwiniyu wanditopetsa, sindibisa, koma ngati wabwera ndi denga, akhale. Wodula luzi ayambe wadula ine."

Palibe anali atakanapo mawu a Mfumukazi chibwerere, ndipo nduna zinayang'ana pansi. Dokowe anaima nthawi yaitali akuyang'ana kamayi konenepa kaja katatseka khomo, mvula ikuyamba kumunyowetsa. Mkwiyo unali pankhope pake unachoka, panatsala kutopa.

"Ine anandinyamula kwathu tsiku limodzi, ndi katundu wanga yense," anatero motsitsa. "Zitseko za kwathu n'zazikulu. Palibe anakhala pakhomo."

Anauza Khwangwala kuti abweze mpeni. Nang'omba anati hm, hm, ndipo nduna zinamasulira msangamsanga kuti ukwati ulipo. Ankhoswe anati katundu sanakhudze dothi, choncho mlandu palibe, n'kupinda mphasa yawo kuthawa mvula.

Koma chizolowezi sichitha tsiku limodzi. Asanachoke, Mfumukazi anaitana mmisiri n'kumuuza kuti mawa ayambe nsanja yaitali, yoti akakwera pamwamba aziyang'ana kumene kuli kwawo. Nantchengwa anati akanakonda ndi mtima wonse, koma nkhwangwa, nsompho ndi chingwe choyezera zili m'kati mwa mtolo uja. Mfumukazi anamuyang'ana, anayang'ana khomo, ndipo anamvetsa zonse kuyambira pa zigoba za nkhono. Anapukusa mutu n'kunena kuti mmisiri wopanda zida alibe naye ntchito. Nantchengwa anathokoza, ndipo ulendo uno kuthokozako kunachokera pansi pa mtima.

Mvula inagwa yamphamvu. Nkhwali anachoka pakhomo n'kuthamangira kwake, ndipo Nantchengwa analowa chowerama m'nyumba yake yoyamba. Denga silinadonthe. Koma mtolo unali utadzaza nyumba yonse, moti Nachanza anaikira mazira ake atatu pamwamba pa katunduyo, mutu ukugunda phaso. Mwamuna wake anadzipanikiza pakati pa chipupa ndi mwendo wa bedi, ndipo anatseka maso kuti apume koyamba m'zaka ziwiri.

"Abambo," anatero Nachanza, "nyumba mwamanga, ndathokoza. Koma ana akaswa akhala pati? Mvula ikakata muwonjezere chipinda."

Nantchengwa anatsekula diso limodzi. Anakumbukira kumene zida zake zinali, ndipo anausa moyo.

Mvula itakata anatuluka n'kuyamba kutola timitengo ndi mlomo, kamodzikamodzi. N'chifukwa chake mpaka lero chisa cha nantchengwa ndi chachikulu kuposa mwini wake, chodzaza ndi zinthu zosadziwika ntchito yake, khomo lake laling'ono. Mukamuona akudutsa ndi kamtengo kukamwa, musamufunse kuti amaliza liti. Koma pamudzi pa mkazi wake palibe anamuchotsaponso.

Yanga yathera pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule, isanasanduke khala.